Nkhunda yaimuna ikamajompha yaikazi mpaka magazi: gwero lake ndi kakonzedwe kake

Dandaulo limene silitha pakati pa oweta nkhunda muno mu Lilongwe, kaya ndi wa timabokosi tinayi tokhoma m'munsi mwa denga ku Kawale kapena wa chitele chachikulu ku Mitundu, ndi lakuti yaimuna sikuipatsa mtendere yaikazi. Imailondola tsiku lonse, kuijompha pankhongo, kuipirikitsa pachakudya, mpaka tsiku lina mwini wake n'kuipeza yaikaziyo itabindikira pakona, mutu utasendeka. Ambiri amangoti yaimunayo ndi yankhanza, n'kuipha. Akabweretsa ina, sipatha mwezi zomwezija zayambanso.

Zimabwereza chifukwa kawirikawiri gwero lake silikhala mbalameyo. Limakhala khola limene yaikazi ilibe kothawira, kapena kukwatitsa nkhunda mokakamiza, kapena yaikazi yodwala imene dzira silikuibwerera. Zonsezi zimakonzeka, bola muyambe mwazindikira chimene mukuonacho.

Kulondola kwachibadwa si ndewu

Nkhunda zikakwerana, dzira loyamba limabwera pakatha masiku 8 mpaka 10. M'masiku omaliza dzira lisanabwere, yaimuna imasintha khalidwe. Imayenda m'mbuyo mwa yaikazi paliponse, padenga, pabwalo, pomwera madzi, ndipo yaikazi ikaima kuti idye imaijompha pang'ono kuti ibwerere kuchisa. Imatero poteteza kuti yaimuna ina isaikwere nthawi imene dzira likupangika. Ichi n'chibadwa cha nkhunda zonse, ndipo chimatha chokha dzira loyamba likangoikiridwa, nthawi zambiri chakumadzulo. Lachiwiri limabwera patapita maola pafupifupi 44. Kenaka zimayamba kusinthana kufungatira: yaimuna kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, yaikazi usiku wonse mpaka m'mawa mwake. Ngati kulondolako kuli kotere, yaikazi ikudya ndithu ndipo nthenga zili zonse, zisiyeni. Mukazisiyanitsa mumangochedwetsa mazira, ndipo zikakumananso zimayambira pachiyambi.

Kuti mudziwe ngati zapyola muyeso, gwirani yaikazi madzulo zitalowa. Yambani ndi chithokomiro: nkhunda imene yadya mumamva njere ndi zala m'munsi mwa khosi. Ngati mulibe kanthu madzulo awiri otsatizana, ndiye kuti sikupeza mpata wodya. Khudzani fupa la pachidale. Likakhala lakuthwa, minofu itaphwa mbali zonse, yaonda. Kenaka onani pankhongo ndi kuzungulira maso. Nthenga zothothoka mpaka khungu kuonekera, nkhanambo, diso lotupa kapena magazi, zonsezi zikutanthauza kuti muisiyanitse usiku womwewo. Chizindikiro china n'chakuti yaikazi sithawanso ayi, imangobisa mutu pakona yaimuna n'kumaijompha ili pomwepo. Nkhunda yofika pamenepa ikhoza kufa tsiku limodzi.

Yovulala muichite chiyani

Ichotseni muiike mu katoni kapena mudengu, pansi mutayala nsalu yakale, pamalo a phee, opanda mphepo ndiponso osafika amphaka ndi makoswe. M'miyezi ya June ndi July usiku wa ku Lilongwe umazizira kwambiri, ndipo nkhunda yotaya magazi sichedwa kuzizidwa. Ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu mbali imodzi ya katoni, kuti ikatenthedwa izitha kusuntha.

Tsukani bala ndi madzi owiritsa amene azirala, mutasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa theka la lita. Gwiritsani ntchito thonje kapena kansalu koyera, modontheza, osapukuta mwamphamvu. Ngati magazi akutulukabe, panikizani pang'ono ndi kansalu kwa mphindi zingapo osatukulatukula. Likauma, pakani GV, mankhwala a pepo aja, kapena ayodini wosungunula ndi madzi, mosamala kuti asalowe m'maso. Ubwino wa GV ndi wakuti amabisa kufiira kwa bala, chifukwa mbalame zikaona pofiira zimakonda kujomphanso pomwepo. Musapake oyilo wagalimoto, palafini kapena sipiriti. Zimawotcha minofu imene ikanapola. Mafuta ambiri odzola nawonso amamata nthenga, nkhunda n'kumalephera kudzifunditsa.

Bala la pamutu limaopsa kuliona, nthawi zina mpaka fupa limaonekera, koma nkhunda zimapola modabwitsa malinga bala likhale laukhondo. Lipatseni milungu iwiri kapena itatu. Nthawi ya dzinja phimbani katoni ndi kaneti kuti ntchentche zisaikire mphutsi. Ngati diso laphulika, bala likununkha kapena likutulutsa mafinya, pitani nayo kwa a vetenale a m'dera lanu kapena ku chipatala cha ziweto monga cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA.

Imwe kaye isanadye. Viikani nsonga ya mlomo wake m'kapu ya madzi muli kashuga ndi kamchere pang'ono, mphuno zisamire. Nkhunda imayamwa yokha madzi. Musaithire madzi m'kamwa, amalowera kumapapo. Ikatha tsiku osadya, vikani nandolo kapena chimanga chaching'ono m'madzi mpaka chifewe, mutsegule mlomo n'kumaika njere imodziimodzi kumbuyo kwa lilime, njere 20 mpaka 30 m'mawa ndi madzulo, koma pokhapokha chithokomiro chitaphwa.

Kukwatitsa mokakamiza

Apa ndi pamene nkhunda zazikazi zambiri zimavulalira. Munthu wagula yaikazi pamsika, wafika nayo kunyumba, waiponya m'bokosi la yaimuna n'kutseka kuti zizolowerane. Kwa yaimunayo bokosilo ndi malo ake, ndipo chilichonse cholowamo isanachivomereze imachimenya. Kunja yaikazi ikanauluka n'kukatera patali, ndewu n'kuthera pomwepo. M'bokosi lotseka ilibe kolowera.

Chimene chimaonjezera vutoli ndi chizolowezi chothothola kapena kumanga nthenga za mapiko a nkhunda yatsopano kuti isabwerere kwawo. Cholinga chake n'chomveka, koma mwaichotsera chitetezo chokhacho chimene ili nacho. Singakwere pamtanda, singathawe yaimuna, singathawenso mphaka. Nthenga zothothola zimatenga mwezi kapena kupitirira kuti zimere, zodula ndi sizasi zimadikira mpaka nyengo yosintha nthenga. Njira yabwino ndi kuitsekera m'khola la waya mmene ikuona kunja kwa milungu itatu kapena inayi, mapiko ali athunthu, n'kudzaitsegulira ikakhala pa mazira kapena ikamalera maunda, pamene sifunanso kuchoka.

Nkhunda yochokera kwina isalowe msanga pakati pa zinzake. Ikhale payokha milungu iwiri kapena kupitirirapo, muone zitosi zake, m'kamwa mwake ndi kadyedwe kake. Ikapezeka kuti ili bwino, kwatitsani motere. Pezani bokosi kapena keji imene si ya yaimunayo, ya masentimita pafupifupi 80 mulitali, 40 mulifupi ndi 40 msinkhu. Igaweni pakati ndi waya wa nkhuku womangirira pa felemu yochotseka. Yaimuna mbali ina, yaikazi mbali ina, iliyonse ndi chakudya ndi madzi ake. Zizionana, zizimvana, koma zisakhudzane. Ngati mulibe bokosi lina ndipo mukugwiritsa ntchito la yaimuna lomwelo, itulutseni kaye, yaikazi ikhalemo yokha masiku awiri idziwe ngodya zake, kenaka muike wayayo n'kubweza yaimuna.

Musawerenge masiku okha, yang'anani yaikazi. Yaimuna idzafufumitsa khosi, kuzungulira ndi kukhwekhwereza mchira pansi kuyambira tsiku loyamba, ndipo zimenezo sizikuuzani kanthu. Chimene mukudikira ndi yaikazi kuyamba kugwedeza mutu poyankha, kuyenda monyadira itatambasula mchira pang'ono, kukhala moyandikana ndi wayayo, kapena kuyesa kukodola nthenga za yaimuna kudzera m'mabowo. Zimatenga masiku 3 mpaka 7, nthawi zina kuposerapo. Zikatero chotsani wayayo inu muli pomwepo, makamaka chakumadzulo zitadya. Mukaona yaikazi ikulowetsa mlomo wake m'kamwa mwa yaimuna kenaka n'kunyonyomala, zagwirizana. Mukaona yaimuna ikuigwira pankhongo n'kumaikokera pakona, bwezerani wayayo, mudzayesenso pakatha masiku awiri. Usiku woyamba ndi wachiwiri zigone wayayo ali pakati ngakhale masana zinaoneka zogwirizana, chifukwa zambiri zimavulazana m'bandakucha mwini asanadzuke.

Pali zifukwa zitatu zimene yaikazi imakanira ngakhale mutachita zonsezi. Ikhoza kukhala yaing'ono: nkhunda imakhwima pa miyezi 5 mpaka 7, ndipo yaikazi yosakwana miyezi 6 ndi bwino kuidikira ngakhale thupi likuoneka lalikulu. Ikhoza kukhala ikusintha nthenga, nthawi imene thupi lake silili pa zoikira. Kapena ikumva kulira kwa yaimuna yake yakale. Nkhunda zimakhala pa peyala imodzi kwa nthawi yaitali, ndipo ngati yakaleyo ili m'khola lomwelo, yaikazi sidzalola ina. Ziikeni kumene sizikuonana kapena kumvana kwa milungu iwiri musanayese.

Oweta akalulu amadziwa kale mfundo yofanana nayo: waukazi ndiye amapita m'khola la wamphongo, mwini ali pomwepo, ndipo akakwerana amachotsedwa, chifukwa kalulu waukazi amamenya wamphongo wolowa m'khola lake. Pa nkhunda mwini malo woopsa amakhala yaimuna.

Werengani zazimuna

Khola la nkhunda silili ngati la nkhuku kumene tambala mmodzi amakwanira misoti khumi. Nkhunda zimafuna imodzi kwa imodzi. Yaimuna yotsala yopanda mnzake ndi imene imasokoneza khola lonse: imalowerera peyala ikamakwerana, imalowa m'mabokosi a zinzake, pomenyanapo mazira amasweka, ndipo imathamangitsa zazikazi za eni ake. Yaimuna ya peyala ikaona mpikisano wotere imalondola yaikazi yake mwaukali kuposa kale. Choncho nthawi zina imene mukuiona ikujompha si imene yayambitsa.

Izi zimachitika mwini osadziwa. Kabawi kapena mphaka akagwira yaikazi imodzi, m'khola mwatsala yaimuna yopanda mnzake. Maunda amene munawasiya kuti akule akafika miyezi isanu, aamuna mwa iwo amayamba kufuna malo. Khalani pansi m'mawa wina muone peyala iliyonse ndi bokosi lake, ndipo zotsala zonse muziike kwazokha mpaka mutazipezera zinzake. Ngati kusiyana kuli kosapeweka, kuli bwino zazikazi zichuluke ndi imodzi kusiyana n'kuti zazimuna zichuluke.

Onetsetsaninso kuti peyala imene ikumenyanayo ndi yaimuna ndi yaikazi zoona. Kusiyanitsa nkhunda n'kovuta, ndipo ogulitsa nawonso amaphonya mosafuna. Yaimuna kawirikawiri imakhala ndi khosi lonenepa ndi mutu waukulu, ndipo polira imazungulira mpaka kubwerera pomwe inayambira. Yaikazi imene inaikirapo imakhala ndi mpata wokulirapo pakati pa timafupa tiwiri ta kumunsi pafupi ndi potulukira zitosi. Koma umboni weniweni ndi dzira. Peyala imene yatha mwezi ndi theka ikumanga chisa popanda dzira, zonse zikufufumitsa khosi ndi kumenyana ndi mapiko, mwina ndi zazimuna zokhazokha. Mukapeza mazira anayi m'chisa chimodzi, ndiye kuti ndi zazikazi ziwiri. Unikani mazirawo ndi tochi ya foni mumdima pa tsiku la 6 kapena la 7: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, lopanda kanthu limangowala.

Khola lenilenilo

Zitele zambiri zili ndi khomo limodzi ndi thabwa limodzi loterapo. Yaimuna yamphamvu ikaima pamenepo, yatenga khola lonse. Yaikazi imene ikuthawa imakumana nayo pakhomo, ikabwerera m'kati imakumana ndi ina. Boolani khomo lachiwiri mbali ina, la masentimita pafupifupi 12 mulifupi ndi 15 msinkhu. Ntchito yaing'ono imeneyi payokha imathetsa ndewu zambiri.

Pa mabokosi okhoma mondandana, cholakwika chofala ndi thabwa lalitali limodzi lodutsa kutsogolo kwa mabokosi onse. Yaimuna imayenda pathabwapo kuchokera kumapeto mpaka kumapeto n'kumalowa paliponse. Dulani thabwalo kuti bokosi lililonse likhale ndi poterapo pake, ndipo matabwa ogawa mabokosi atuluke kunja masentimita 10 mpaka 15 kuti zoyandikana zisamaonane zikaima pakhomo.

Peyala iliyonse imafuna zisa ziwiri. Maunda akafika milungu iwiri kapena itatu, yaimuna imayambanso kulondola yaikazi kuti iikire, maundawo akadali m'chisa. Ngati palibe chisa chachiwiri, yaikazi ilibe kopita, yaimuna imangoithamangitsabe, ndipo mapeto ake zimakalanda bokosi la peyala ina kapena kuikira pakati pa maunda, mazira n'kudetsedwa ndi kusweka. Bokosi la masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi ndi 35 msinkhu limakwana zisa ziwiri, china ngodya iyi china ngodya inayo, pakati pali kathabwa kafupi. Mbale zadothi kapena zigubu zodula zimagwira bwino ntchito ya chisa. Kutsogolo khomani kathabwa ka masentimita 8 kuti maunda asagwe.

Komatu mabokosi opanda eni musawasiye otsegula. Yaimuna yamphamvu imatenga awiri kapena atatu, ndipo mukadzaikamo peyala yatsopano imaimenya ngati yalowa kwake. Atsekeni mpaka atapeza eni. Dziwaninso kuti nkhunda zimalimbirana bokosi lapamwamba, choncho peyala yofooka kapena yatsopano musaiike pamwamba penipeni pamene zamphamvu zikupafuna.

Ngati nkhunda zanu zimakhala zotsekeredwa, monga amachitira ambiri m'mapoloti opanikizana a ku Area 23, Chinsapo kapena Mtandire poopa akuba ndi malegeni a ana, kuchuluka kwake n'kofunika kwambiri. Khola la mamita 2 mulitali, 2 mulifupi ndi 2 msinkhu lisapitirire mapeyala 8. Mitanda yoterapo ichuluke kuposa nkhunda, ndipo ikhale timitanda tating'ono tokwana nkhunda imodzi m'malo mwa mtanda umodzi wautali. Pachikani thumba kapena katoni pakati pa khola kuti yothamangitsidwa izitha kuzimirira kuseri, chifukwa yaimuna ikasiya kuiona kawirikawiri imasiyanso kuilondola.

Chakudya chisakhale pamalo amodzi. Ikani modyera muwiri motalikirana, momweranso muwiri, madzi akuya masentimita osachepera 3 kuti mlomo uzimira. M'masiku a kulondola aja, ikani kambale ka chakudya m'bokosi mwenimwenimo. Yaimuna siivutitsa yaikazi ikakhala pachisa, ndiye imadya mwamtendere.

Mu October ndi November denga lamalata limasandutsa bokosi ng'anjo, ndipo nkhunda zotenthedwa sizikhazikika pachisa. Yalani udzu pamwamba pa malata kapena katoni m'munsi mwake, ndipo kawiri pamlungu ziikireni beseni la madzi akuya masentimita 5 mpaka 7 kuti zisambe. Usiku unikani m'ming'alu ya matabwa ndi tochi. Utitiri umabisala m'menemo masana n'kumatuluka usiku kudzayamwa magazi, yaikazi imathawa mazira, yaimuna n'kuyamba kuikakamiza kubwerera. Tsukani mabokosi ndi madzi otentha, tenthani zisa zakale, ndipo funsani a vetenale mankhwala oyenera mbalame. Kuno fodya savuta kupeza, ndipo timitsempha touma ta masamba ake oweta nkhunda akhala akutiika m'zisa kuyambira kale pofuna kuchepetsa tizilombo totere.

Dzira likapanda kubwera

Popeza kulondola kumatha dzira likaikiridwa, yaikazi imene sikuikira imalondoledwa kosalekeza. Kulondola kukapitirira milungu iwiri popanda dzira, siyani kuyang'ana yaimuna, yang'anani yaikazi.

Choyamba ndi zakudya. Nkhunda zambiri m'tauni muno zimangopatsidwa madeya ndi chimanga basi. Zimakhala ndi moyo, koma dzira limafuna zakudya zomanga thupi ndi kashiamu wopangira chikamba. Sakanizani magawo 6 a chimanga, mapira kapena mpunga wosapuntha, magawo 3 a nandolo, khobwe kapena soya wokazinga, ndi gawo limodzi la mpendadzuwa kapena mtedza. Soya wamuwisi ayi, amasokoneza kugaya chakudya. Nkhunda imodzi imadya magalamu 30 mpaka 40 patsiku, ndipo ikamalera maunda imafuna pafupifupi kawiri kake. Chimanga chachuku kapena chimene mwangothira kumene mankhwala a anankafumbwe musazipatse. Pambali pazikhala kambale ka mchenga wokhakhala wa kumtsinje, njerwa yootcha yosinja, ndi zikamba za mazira a nkhuku zokazinga n'kusinja, mutawazamo kamchere pang'ono. Laimu wosakaniza m'zakudya za nkhuku amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi ndi wabwinonso, koma osati laimu wopaka nyumba.

Chachiwiri ndi dzira lokakamira m'mimba. Yaikazi imafufumala nthenga, mchira ukugwederagwedera, kumunsi kwa mimba kutatupa, nthawi zina miyendo itafooka. Ichotseni kwa yaimuna msanga, muiike pofunda, muipatse madzi ndi kashiamu. Musafinye mimba, dzira likaswekera m'kati nkhundayo imafa. Likapanda kutuluka tsiku limodzi, pitani nayo kwa a vetenale.

Chachitatu ndi matenda. Nkhunda yodwala siyankha yaimuna, ndipo zinzake zonse zimaijompha. Tsegulani mlomo muone kukhosi. Zinthu zachikasu zomatirira m'kamwa ndi matenda ofala kwambiri pa nkhunda, amene amafalikira podyetsana ndi pomwera madzi amodzi. Musazipale, pamatuluka magazi, ndipo mankhwala ake alipo kwa a vetenale, koma muchize peyala yonse. Njoka za m'mimba zimaondetsa nkhunda imene ikudya bwinobwino. Mukaona khosi lopindika, nkhunda ikuzungulira kapena kuphonya njere pojompha, zitosi zili zamadzi obiriwira, amenewo akhoza kukhala matenda a m'gulu la chitopa. Patulani yodwalayo, musagulitse kapena kugula nkhunda, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Labotale yaikulu ya boma yoyeza matenda a ziweto ili konkuno ku Bwemba.

Palinso yaikazi imene ikuikira ndithu koma mazira sakhalitsa, mwina makoswe akudya, mwina akusweka pa ndewu, mwina mwini akuwataya akaona kuti alibe kanthu. Mazira akachoka, pakatha masiku pafupifupi 10 imaikiranso, ndipo kulondola kumayambiranso. Zikachitika katatu kanayi motsatizana yaikazi imatheratu mphamvu. Mazira opanda kanthu asiyeni iwafungatire mpaka masiku 18 atakwana kapena iwasiye yokha, chifukwa masiku amenewo ndiwo mpumulo wake. Ngati asweka, ikani mazira ena a nkhunda owiritsa tsiku lomwelo. Yaikazi yokalamba imene inasiya kuikira nayonso nthawi zina imakhazikika mukaiikira mazira pachisa, ndipo ikhoza kulera bwino maunda a peyala ina.

Maunda osendeka mitu

Mabala omwewa amapezekanso pa maunda. Bunda likagwa m'chisa kapena likasochera n'kulowa m'bokosi la eni, yaimuna ya m'menemo imalijompha pamutu, ndipo ilo silidziwa kuthawa, limangolira likukupiza mapiko kupempha chakudya. Bambo wake yemwe amayamba kulipirikitsa likafika milungu inayi kapena isanu, mazira atsopano akayandikira kuswa.

Pansi pa khola sanjani njerwa n'kuikapo thabwa, mpata wa m'munsi ukhale masentimita pafupifupi 10. Bunda lothamangitsidwa limalowa m'menemo, ndipo yaikulu singathe kuima n'kumalijompha. Maunda akafika masiku 28 mpaka 35, pamene nthenga za m'khwapa zatseka ndipo ayamba kujompha okha, achotseni. Ofuna kudya kapena kugulitsa nthawi yake ndi yomweyo. Ofuna kuweta akhale ndi khola lawo mpaka atakhwima, ndipo masiku oyamba muziviika milomo yawo m'madzi kuti adziwe pomwera.

Zazing'ono za m'makeji, ndi yaikazi ikakhala yomenya

Nkhunda zazing'ono zofanana ndi njiwa, zija zoyera kapena zotuwa zokhala ndi mzere wakuda kumbuyo kwa khosi, zimaoneka zofatsa koma m'keji yopanikiza yaimuna imatha kupha yaikazi. Zimafungatira masiku 14 okha, choncho nyengo yolondola imabwera pafupipafupi. Keji imodzi peyala imodzi, yosachepera mita imodzi mulitali, mitanda iwiri yotalikirana ndi kobisalira. Musazisakanize ndi nkhunda wamba, zimene zimalemera kawiri kake kapena kuposa. Musazitsegulirenso kuti zikapume kunja monga mungachitire ndi nkhunda wamba, chifukwa sizidziwa kubwerera kwawo. Njiwa zakutchire zogwidwa pa ulimbo kapena pa msampha sizizolowera keji, zimadzimenyetsa pa waya ndi kujomphana, ndipo kuzikwatitsa ndi zoweta kumathera m'mabala.

Yaikazi nayo imamenya. Ikakhala pa mazira imamenya ndi phiko chilichonse choyandikira, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Yaikazi yaikulu mukaipatsa yaimuna imene sinakhwime imaipirikitsa m'bokosi, ndipo mankhwala ake ndi waya wapakati uja ndi kudikira yaimunayo ikule. Zazikazi ziwiri zikamalimbirana yaimuna imodzi, chotsani imodzi.

Yaimuna yosasintha

Zilipo ndithu zazimuna zimene zimavulaza yaikazi iliyonse, koma muifike pamenepa mutakonza kaye zina zonse. Ngati khola lili ndi makomo awiri, zazimuna sizikuchuluka, yaikazi ili bwino, mwakwatitsa ndi waya pakati, ndipo yavulaza zazikazi ziwiri kapena zitatu zosiyana, ichotseni pa zoswana. Musaidule mlomo: nkhunda imadyetsa maunda ndi mlomo womwewo ndipo imatola njere imodziimodzi, choncho mukaudula mwaipatsa njala ndi ululu popanda kusintha khalidwe lake. Kuimanga mwendo kapena kuimana chakudya sikuthandizanso. Musaigulitse kwa woweta mnzanu osamuuza, kuli bwino ikhale ndiwo.

Yaikazi imene yatsala ipume payokha kapena ndi zazikazi zinzake mpaka bala litapola, nthenga zitamera ndipo chidale chitadzaza, ndiye mudzaiyese ndi yaimuna yachikulire yofatsa imene inalerapo maunda. Bokosi la imene mwachotsayo litsekeni kwa mlungu umodzi, chifukwa mukalisiya lotsegula zazimuna zotsala ziyamba kulimbirana m'mawa mwake momwemo.